Tsiku Limene Mkamwini Anaponda Moto

Panali mkamwini wina amene ankakhala kwawo kwa mkazi wake, m'mudzi wa kuchigwa, kumunsi kwa mapiri a ku Dedza. Anthu ankamuitana ndi mfunda wake, a Nkhoma. Anali munthu wofatsa, wosachulutsa mawu, waulemu mpaka ena ankati ulemu wake wapyola muyezo. Chuma chake chinali pikapu yakale ya petulo. Ndi imeneyo ankanyamula matumba a mpunga kukwera nawo phiri kupita ku misika ya kumtunda, ndipo pobwera ankatsika ndi kachewere ndi kabichi.

Msewu wa phirilo ena a inu mukuudziwa. Ndi wokhotakhota, ndipo pali ngodya ina pamene galimoto imafuna mphamvu zake zonse nthawi imodzi. Ikalephera pamenepo, kutsogolo kuli chitunda, kumbuyo kuli phompho.

Apongozi ake aamuna, a Chisale, anali makaniko. Galaja yawo inali pansi pa mtengo wa bwemba, m'mbali mwa msewu. Anakalambira pa ntchito imeneyi, ndipo kudera lonselo panalibe wowaposa. Injini ankayamba kuimva ndi khutu asanaikhudze ndi sipanala. Anthu ankati mkamwini ameneyu anakwatira pabwino, poti galimoto ndi yake, woikonza ndi apongozi.

Tsono pikapu ija inayamba kudwala, ndipo matenda ake anali obisika. Ikamalira itangoima, inkalira bwino. Ikamayenda pang'onopang'ono pamalo athyathyathya, inkayenda bwino. Koma mwini wake akangoponda moto mwamphamvu, pokwera chitunda kapena pofuna kupitirira lole, inkayamba kudukiza. Inkathamanga, n'kugwidwa, n'kuthamanganso, ngati pali munthu akuikoka kumbuyo n'kumaisiya. Mutu wa woyendetsa unkangopita kutsogolo ndi kumbuyo. Akachepetsa phazi zonse zinkatha, galimoto n'kumayenda ngati sinachitepo kanthu.

Mkamwini anapita nayo pansi pa bwemba. Mukudziwa mmene mkamwini amafikira kwa apongozi. Anaimika galimoto chapatali, natsika, navula chipewa, nanjuta chapambali. Anapatsana moni wautali, wofunsana za mmene kwachera, za mvula ndi za kumunda. Atatha zonsezo m'pamene anatchula chimene anabwerera.

"Bambo, kagalimoto kaja kakumachita ngati kutsokomola pang'ono. Koma si kwenikweni ayi."

A Chisale anatsegula boneti, nauza mkamwini kuti ailize. Anaimvetsera. Anakoka waya wa moto ndi dzanja, ndipo injini inabangula bwinobwino, osadukiza ngakhale pang'ono. Injini yopanda katundu imabangula choncho, ngakhale yodwala. Mkuluyo anamasula mapulagi, napeza kuti anali atathadi. Anaika ena atsopano, nakuntha fumbi m'sefa ya mpweya, natseka boneti.

"Yatha, a Nkhoma. Kayendeni nayo."

Mkamwini anaomba m'manja nathokoza. Mmawa mwake, atafika pa ngodya ija, galimoto inadukiza monga kale.

Sanabwerere msanga. Kubwerera tsiku lomwelo kukanakhala ngati kuuza munthu wamkulu kuti ntchito yamukanika. Kupita nayo kwa makaniko wina kuboma kukanaipa koposa, chifukwa nkhani za mtundu umenewu zimafika kumudzi mwini wake asanatsike phiri. Choncho anadikira kuti papite masiku, kenaka anakanjutanso pamalo paja.

"Zasintha ndithu, bambo. Munagwira ntchito yaikulu. Kungoti katsalako pang'ono chabe."

A Chisale sanali munthu waulesi, ndipo sankakonda kuti galimoto ibwere kawiri ndi vuto limodzi. Anapukuta manja ndi kansanza nati, "Tiyeni tiyende nayo, ndiimve ndekha."

Anakwera, nakhala pampando wa kutsogolo. Apa m'pamene panagona nkhani. Mkamwini ali ndi apongozi pambali pake sangayendetse mwachisawawa. Anayendetsa ngati wanyamula mazira. Dzenje lililonse analilambalala. Giya ankalowetsa mosamala kuti isamveke, ndipo moto ankangoukhudza ndi nsonga ya nsapato. Kumbuyo kunalibe katundu aliyense. Anafika pamene phiri limayambira, nakwera pang'ono mwa ulemu womwewo, kenaka anatembenuka kuti asachedwetse munthu wamkulu. Galimoto sinatsokomole ngakhale kamodzi.

"Galimoto iyi ili bwino," anatero a Chisale. "Mwina phazi lanu limalemera mukakhala nokha."

"Mwina ndi choncho, bambo."

Komabe mkuluyo sanafune kuti mkamwini abwerere chimanjamanja. Anasintha mawaya a mapulagi, nayesanso kilachi, napeza kuti ikugwira. Awiriwo anasiyana mokondwa. Wina anakondwa kuti wakonza, winayo anakondwa kuti sanakhumudwitse munthu.

Kuyambira pamenepo mkamwini anaphunzira kukhala nawo matendawo. Anachepetsa matumba. Ankalawirira kuti pasakhale chomuthamangitsa panjira. Lole ikakhala patsogolo pake, ankaitsatira n'kumamwa utsi wake mpaka pamwamba. Pa ngodya ija ankalowetsa giya yoyamba n'kumakwawa, njinga zamoto zikumudutsa, ana a m'mbali mwa msewu akumuseka. Anthu akamufunsa za galimoto ankati inachira, apongozi anaikonza. Mwina iye mwini anayamba kuzikhulupirira. Koma mwezi uliwonse phazi linkayenera kupepuka kuposa mwezi wapitawo, ndipo matumba ankachepabe.

Nthawi imeneyi mkazi wake, Nachisale, mwana wa a Chisale, anali woyembekezera. Tsiku lina atapita kusikelo, namwino wa pachipatala chaching'ono cha kuchigwako anamuyeza nthawi yaitali, kenaka anaitanitsa mwamuna. Anati mimba imeneyi si yochirira kuno. Mwezi wake ukayandikira, akadikirire kuchipatala chachikulu cha kumtunda. Koma akangoona magazi nthawiyo isanakwane, ngakhale dontho, asadikire ambulansi, asadikire munthu aliyense. Namwinoyo anasuzumira pawindo, naona pikapu ili panja.

"Mwayi wanu muli ndi galimoto," anatero. "Zikangotero, muthamange."

Mkamwini anavomera ndi mutu. Mawu akuti muthamange anakwera nawo m'galimoto, nafika nawo kunyumba, ndipo sanamuchoke.

Sabata yomweyo anaganiza zoyesa yekha. Ananyamula matumba ochuluka monga ankachitira kale, ndipo pa ngodya ija anaponda moto monga angapondere munthu amene wanyamula wodwala. Galimoto inadukiza, inadukizanso, n'kuzima. Inayamba kubwerera chambuyo. Anaponda mabuleki, nakoka buleki ya m'manja, natsika mothamanga kukaika miyala kumatayala. Ailize, inkangokana. Anakhala pamwala n'kumadikira. Pamene inavomera kulira, anakwawa nayo mpaka pamwamba, nafika msika ukubalalika. Za mpunga sanadandaule nazo. Nthawi yonse imene anakhala pamwala paja ankayang'ana mpando wa kutsogolo umene mkazi wake akanakhalapo, ndipo anachita mantha kwambiri.

Atabwerera anauza mkazi wake zonse, osabisa. Nachisale anamvetsera ali chikhalire pamkeka, akusankha nyemba.

"Nanga bambo munawauza?"

"Ndinawauza kale."

"Munawauza, kapena munangokawapatsa moni?"

Nachisale anakankhira nyemba pambali.

"Inu ndimakudziwani," anatero Nachisale. "Mukafika pa bwemba paja mawu amakutherani pakhosi. Bambo aja si sing'anga kuti aziombeza za m'mimba mwa galimoto. Amamva zimene mwawamvetsa. Ine sindingakanene za injini, akandifunsa mafunso ndikasowa choyankha. Woyendetsa ndinu."

"Ndiye ndikawauze pamaso kuti ntchito yawo sinagwire?"

"Kaya mukawauza bwanji, ine sindikudziwa. Ndikungoti wodzakwera m'menemo ndine."

Mkamwini ankayesa kukonza mawu m'mutu, koma ena ankatuluka ofewa ngati oyamba aja, ena ankatuluka achipongwe. Apakatikati sanawapeze. Kawiri konse ananyamuka kulowera kubwemba, n'kukathera pa golosale. Masiku ankapita, ndipo mimba inkakula.

Mpata unabwera wokha. Tsiku la msika a Chisale anafuna kupita kuboma kukagula zitsulo za galimoto ya munthu wina, natumiza uthenga kuti akwera nawo. Mkamwini anadzaza pikapu ndi matumba mpaka kumbuyo kunatsika. Mkuluyo anabwera atavala jekete, thumba la masipanala lili m'manja, poti sankayenda osalitenga. Anayang'ana katunduyo, nakwera.

Pachigwa mkamwini anayendetsa mwa ulemu uja. Phiri litayamba, anayendabe chimodzimodzi. Ngodya ija isanafike pali chitunda chowongoka, ndipo m'mbali mwake muli malo oti galimoto n'kupatukira. Pamenepo m'pamene anasankha. Anayang'ana apongozi chapambali, nawaona akuwodzera, manja ali pamaondo. Zaka zonse za ukamwini wake sanawakwezerepo mawu, ndipo sanadutsepo patsogolo pawo osawerama.

Anaponda moto mpaka pansi.

Galimoto inadumpha, n'kugwidwa. A Chisale ananyamuka pampando, chipumi chawo n'kugunda galasi la kutsogolo. Atabwerera pampando, galimoto inadumphanso, n'kugwidwanso. Thumba la masipanala linakhuthukira kumapazi. Mkamwini anachepetsa phazi, injini inabwerera mwakale. Pachipumi pa mkuluyo panayamba kutupa. Mkamwini anatsegula pakamwa kuti apepese.

A Chisale anakweza dzanja kumuletsa. Maso anali atatsinzina, khutu atalipendeketsera ku injini.

"Pondaninso."

Anapondanso, ndipo inadukiza.

"Chepetsani. Pondaninso. Basi, patukani apo."

Anapatuka, naika miyala kumatayala. Mkuluyo anavula jekete, nalipachika pachitseko. Za chipumi sanatchule. Ankayankhula yekha chapansipansi monga amachitira amisiri. Ikanakhala kilachi, injini ikanalira kwambiri koma galimoto osathamanga. Akanakhala mapulagi kapena mawaya, ikanaombera kumbuyo kotulukira utsi, ndipo zimenezo n'zatsopano. Iyi ikufooka ikafuna mafuta ambiri, n'kutsitsimuka ikafuna ochepa. Imeneyo ndi njala. Kenaka anatembenukira kwa mkamwini.

"Nthawi ija mafuta anasowa, munkathira a kuti?"

"A m'zigubu, bambo. A m'mbali mwa msewu."

"Nanga thanki mumaidzaza?"

"Iyayi, ndimangothira okwanira ulendo."

"Ndiye kuti pampu yakhala ikukokota pansi penipeni, pamene pamadikha zinyalala."

A Chisale anagona chagada, nalowa kunsi kwa galimoto. Anatsatira paipi ya mafuta kuchokera ku thanki mpaka anapeza sefa ya petulo, kachitini kakang'ono kobisika kuseri kwa chitsulo. Anaimasula, natuluka nayo, naigogoda pamwala. Munatuluka matope ofiira, dzimbiri losakanikirana ndi madzi ndi mchenga. Anapukuta kukamwa kwake ndi kansanza, naiuzira ndi pakamwa. Masaya anatupa, koma mpweya unkangotuluka wochepa kwambiri. Anaipereka kwa mkamwini kuti auzire naye, ndipo nayenso anaona mmene inalimbira.

"Mwaona? Kanjira kamene katsalako n'kokwanira galimoto yoima pansi pa mtengo. N'kokwanira munthu woyenda ndi apongozi ake. Koma phiri ayi."

Anaitsuka ndi petulo kuti ingowafikitsa pamwamba, naibwezera. Kuboma anagula sefa yatsopano. Mmawa mwake, pansi pa bwemba, anatsitsa thanki, nakhuthulira mafuta onse m'beseni, ndipo pansi pa beseni panadikha matope omwe aja. Anatsuka thankiyo mpaka dzimbiri linasiya kutuluka. Anayesa pampu poloza paipi m'botolo, naona kuti ikulavula mokwanira. Atamanga zonse sananene kuti yatha. Anauza mkamwini kuti akweze matumba a mchenga, ndipo onse awiri anabwerera kuphiri. Ulendo uno mkuluyo anagwira chitseko ndi manja onse. Anati pondani pachitunda, mkamwini anaponda. Anati pondani pa ngodya, anaponda. Galimoto inakwera mosadukiza mpaka pamwamba.

Koma kumudzi nkhani inali itayenda kale, poti chotupa cha pachipumi sichibisika. Alongo awo a a Chisale ndi amayi ena a pamudzipo anati mkamwini wayamba mwano. Anati wagunditsa apongozi ake mutu mwadala, ndipo mlanduwu upite kwa ankhoswe. Ena anati galimoto ndiyo yamukwezera mapewa. Anasonkhana pabwalo la nyumba. Mkamwini ananjuta chapatali, ndipo sanakane, poti anachitadi dala. Nachisale anakhala pakhonde, atagwira mimba yake.

A Chisale anamvetsera aliyense mpaka anatha, kenaka anayankhula.

"Ankhoswe musawavutitse. Munthu uyu wandilemekeza miyezi yonseyi, ine n'kumasintha zitsulo, n'kumanyadira kuti ndakonza. Akanandilemekezanso dzulo, mwana wangayu akanadzathera pa ngodya paja, galimoto itazima, ine ndili kuno ndikuuza anthu kuti ili bwino. Chotupachi chiphwa chokha."

Mmodzimmodzi ananyamuka kupita kwawo.

Tsiku la magazi limene namwino ananena linafikadi, mwezi usanakwane, dzuwa lili paliwombo. Pikapu inakwera phiri lonse phazi lili pansi, Nachisale ali kutsogolo, a Chisale ali kumbuyo atagwira zitsulo. Anafika nthawi ikadalipo. Mayi ndi mwana anatsika phirilo ali moyo.

Tsono inu amene mwakhala apa, ambiri mumabwera kwa ife akulu, kwa ankhoswe, kwa abusa kapena kwa dokotala, mutavula chipewa. Tikakufunsani muli bwanji, mumati tili bwino, kungoti pang'ono chabe. Ife timamvetsera injini ili chiimire, n'kukusinthirani mapulagi, n'kukuuzani kuti yatha. Mumaomba m'manja, n'kupita kwanu kukachepetsa katundu ndi kumakwawa.

Ulemu si woipa, ndipo musautaye. Koma munthu amene mukufuna kuti akuthandizeni mupite naye pamene pamavuta, katundu yense ali momwemo, ndipo muponde moto iye akumva. Inunso akulu, mwana akakugunditsani mutu, musayambe ndi kufunsa kuti analeredwa kuti. Muyambe mwamvetsera. Pali wina wanu amene adzakwera m'galimoto imeneyo, ndipo tsiku lake simudzasankha ndinu.